Hotela ya boma ya ku Livingstone inagulitsidwa kalekale, koma mlandu wake sunazizirebe

Lero tiwoloke malire, tipite kummwera kwa dziko la Zambia, mumzinda wa Livingstone, kumene mtsinje wa Zambezi umagwera m'phompho n'kupanga mathithi a Victoria Falls, amene eni dera amawatchula kuti Mosi-oa-Tunya. Kumeneko kuli malo amene boma la Zambia linagulitsa zaka zoposa 25 zapitazo. Ogulawo anamangapo zooneka ndi maso, alendo akubwera, ndalama ikulowa. Koma chisankho chikangonunkhira ku Zambia, nkhani ya malo amenewa imadzuka, anthu n'kuyambanso kulozana zala pa wailesi ngati kuti kugulitsako kwachitika dzulo.

Kuti timvetse chimene anthu akukanganira, tiyambe taona malowo. Mathithi aja ndi otambalala mamita oposa 1,700, ndipo madzi amagwa kuchokera pamtunda wa mamita oposa 100. Mu 1989 bungwe la UNESCO linawaika pamndandanda wa malo ofunika kutetezedwa padziko lonse. Mbali ya Zambia, malo oti munthu n'kumangapo nyumba yogona alendo pafupi penipeni ndi mathithi ndi ochepa kwambiri, ndipo ali m'kati mwa paki ya nyama ya Mosi-oa-Tunya. Pamalo ochepawo ndi pamene panali hotela ya boma yotchedwa Mosi-oa-Tunya Intercontinental, ndipo chapafupi panalinso kanyumba kena ka alendo ka boma kotchedwa Rainbow Lodge. Mlendo wogona pamenepo ankangoyenda wapansi mphindi zochepa, n'kufika pamene nthunzi ya madzi imanyowetsa zovala. Njerwa, malata ndi mabedi zimagulika ku sitolo iliyonse. Malo ngati amenewo padziko pano alipo amodzi okha.

Wina afunsa kuti kodi boma linkatani ndi hotela? Imeneyo ndi mbiri ya nthawi ya Kenneth Kaunda. Mu 1968, pa msonkhano wa ku Mulungushi, Kaunda analengeza kuti boma litenga gawo lalikulu m'makampani akuluakulu, ndipo chaka chotsatira anachita chimodzimodzi ndi migodi ya mkuwa. Kuyambira pamenepo boma la Zambia linali likufulula mowa, kugaya ufa, kuyendetsa mabasi, kuulutsa ndege komanso kuyala mabedi a alendo. Mkuwa ukadali ndi mtengo, zonsezi zinkayenda. Mtengo utagwa chapakati pa zaka za m'ma 1970, makampani a boma anayamba kupuma movutikira, ndalama yokonzetsera zinthu zoonongeka inasowa, ndipo pofika 1991 dzikolo linali ndi ngongole yakunja ya madola pafupifupi 7 biliyoni. Nthawi imeneyo alendo ambiri odzaona mathithi ankagona tsidya la Zimbabwe, kumene kuli Victoria Falls Hotel yomangidwa mu 1904 ndi mahotela ena. Zambia ankangoiponda masana, madzulo n'kuwolokanso mlatho kukasiya ndalama zawo kwa anzathu a ku Zimbabwe.

Frederick Chiluba ndi chipani cha MMD atalowa m'boma mu 1991, anabwera ndi mfundo yoti boma lichoke mu bizinesi. IMF ndi World Bank nawo ankakankha kumbuyo, ati ngati mukufuna thandizo gulitsani. Mu 1992 nyumba ya malamulo inakhazikitsa bungwe la Zambia Privatisation Agency, mwachidule ZPA, ndipo m'zaka khumi zotsatira makampani a boma oposa 200 anapita m'manja mwa anthu ndi makampani omwe si aboma. Ena sanapeze n'komwe wogula: kampani ya ndege ya Zambia Airways inangotsekedwa mu 1994. Ku Livingstone njala ya ntchito inaluma kwambiri, chifukwa mafakitale amene ankadyetsa mzindawo, monga yolumikiza magalimoto ndi yopanga nsalu, anafooka katundu wakunja atasefukira pamsika. Choncho pamene hotela ya pamathithi inkaikidwa pamsika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, wogulitsa anali munthu wopanikizika, ndipo ogula ankadziwa zimenezo.

Bungwe la ZPA linali ndi kachitidwe kake. Pa kampani iliyonse yogulitsidwa linkasankha kagulu kokambirana ndi ofuna kugula, ndipo wapampando wa kaguluko ankachokera kunja kwa boma, nthawi zambiri loya kapena katswiri wowerengera ndalama. Pa hotela ya ku Livingstone, wapampando anali mnyamata wina wophunzira bwino wa ku chigawo chakummwera komweko, yemwe ankatsogolera kampani yowerengera ndalama mu Lusaka. Dzina lake Hakainde Hichilema. Nthawi imeneyo anali asanalowe ndale. Amene anapambana pa mpikisano wogula ndi Sun International ya ku South Africa, eni ake a Sun City, ndipo mtengo umene umatchulidwa ndi wa madola pafupifupi 6 miliyoni.

Tsono apa tinene chilungamo, chifukwa nkhani ngati izi timakonda kuziyamba titakwiya kale. Sun International inagwira ntchito. Pamalo paja inamanga mahotela awiri amene anatsegulidwa mu 2001: Royal Livingstone ya zipinda 173, ya anthu a matumba olemera, ndi Zambezi Sun ya zipinda 212, ya mabanja ndi magulu a alendo. Ndalama imene inalowa pomangapo inaposa kutalitali imene anagulira malowo. Mwayi nawo unawatsata. Mu 2000 ku Zimbabwe kunabuka chipwirikiti cha kulanda minda, alendo ochokera ku Ulaya ndi ku America anachita mantha, n'kuyamba kufuna pogona tsidya la Zambia, ndipo anapeza mabedi atayalidwa kale. Ndege zochokera ku Johannesburg zinachuluka pabwalo la Livingstone, malo ena ogona alendo anaphuka m'mbali mwa mtsinje, achinyamata anapeza ntchito yoyendetsa mabwato, yophika, yoperekeza alendo. Pofika 2013 mzinda wa Livingstone pamodzi ndi tauni ya Victoria Falls ya ku Zimbabwe unalandira msonkhano waukulu wa bungwe la United Nations loona za ntchito zokopa alendo. Munthu woona mtima sanganene kuti hotela yakale ija ikadakhalabe m'manja mwa boma losauka lija zinthu zikadafika pamenepa.

Nanga phokoso likuchokera pati? Likuchokera pa mtengo, komanso pa mpando.

Otsutsa kugulitsaku akhala akunena kuti panali ena amene analonjeza ndalama zambiri kuposa Sun International, koma anakanidwa. Oikira kumbuyo kagulu kokambirana kaja amayankha kuti pogulitsa katundu wa boma sumangoyang'ana amene watchula nambala yaikulu, umayang'ananso ngati ndalamayo ali nayodi, ngati ntchitoyo amaidziwa, ndiponso zimene adzaikepo akagula. Yankho limeneli ine sindilipeputsa, chifukwa Zambia yomweyo inaona zowawa ndi wogula wolonjeza zambiri. Mgodi wa ku Luanshya unagulitsidwa mu 1997 kwa kampani ya Binani, ndipo pofika 2000 unali utagwa, anthu masauzande ali pa ulova, tauni yonse ili pamaliro. Ndiye n'zotheka ndithu kuti wopereka zochepa ndi amene anali wogula wabwino. Komatu ngati boma lalandira ndalama yochepa chifukwa cholonjezedwa chitukuko, ndiye kuti lonjezolo lasanduka mbali ya mtengo. Eni katundu, omwe ndi anthu wamba a ku Zambia, ali ndi ufulu woona pepala lolembedwa kuti uyu anapereka zakuti, uyo zakuti, tasankha uyu pa zifukwa izi, ndipo akalephera kukwaniritsa lonjezo tidzamulanga motere. Pepala likakhala poyera, mkangano umatha sabata imodzi. Likakhala m'kabati, aliyense amakhala ndi nambala yake m'mutu, ndipo nambalayo imakula chaka ndi chaka.

Za mpando ndiye zovuta kwambiri. Kugulitsa kutatha, Hichilema anadzakhala wapampando wa bodi ya Sun International ku Zambia. Iye wakhala akukana kuti panali chinyengo, ndipo amati amene anali ndi mphamvu yovomereza kugulitsa ndi bodi ya ZPA ndi boma, osati iyeyo. Palibe bwalo la milandu limene linamupezapo wolakwa pa nkhaniyi, ndipo zimenezi tizinene momveka bwino. Koma taganizani, omvera. Banja latuma mwana wawo wodziwa masamu kuti akagulitse ng'ombe pamsika. Wagulitsa, ndalama wabweretsa. Patapita nthawi, mukumuona ali kukhola la wogula uja, ndiye kapitawo woyang'anira ng'ombe yomwe ija. Mwina anaigulitsa pa mtengo woyenera, mwinanso wogulayo anangomukonda chifukwa cha khama lake. Koma pamudzi anthu adzayankhula mpaka adzukulu ake adzamve. N'chifukwa chake m'maiko ambiri muli malamulo oti munthu amene wayimira boma pa malonda apume kaye zaka zingapo asanakalowe ntchito kwa amene ankakambirana nawo. Lamulo lotere limateteza boma, koma limatetezanso munthu wosalakwa ku miseche.

Akuluakulu anati mlandu suola, ndipo uwu unadikira mpaka Hichilema atakhala chiopsezo pa ndale. Anatenga utsogoleri wa chipani cha UPND mu 2006, n'kumapikisana pa chisankho chilichonse cha pulezidenti, kugwa, kudzukanso. Mu 2020, kutatsala chaka kuti anthu avote, mayi Edith Nawakwi, mtsogoleri wa chipani cha FDD, anapita pa wailesi n'kumunena Hichilema kuti anadzilemeretsa ndi katundu wa boma, ndipo hotela ya ku Livingstone inali pakati pa zitsanzo zawo. Hichilema anawasumira kukhoti kuti amuipitsira mbiri, akufuna chipepeso cha madola 3 miliyoni. Chodabwitsa n'chakuti mayi Nawakwi anali nduna m'boma lomwe linkagulitsa katunduyo, ndipo mu 1998 anakhala nduna ya zachuma, mayi woyamba kukhala pa udindowo ku Zambia. Funso limene anthu anawafunsa linali losavuta: amayi, pamene zinkachitika munali momwemo, bwanji mwadikira zaka zoposa 20?

Mu Okutobala chaka chomwecho, gulu la ophunzira ndi mabungwe linapita kunyumba ya boma kukapereka chikalata kwa pulezidenti Edgar Lungu, chopempha kuti akhazikitse komishoni yofufuza mmene katundu wa boma anagulitsidwira. Lungu anawalandira bwino ndipo anasonyeza kuti achita zimenezo. Chisankho chinafika mu Ogasiti 2021 komishoniyo isanaoneke.

Apa ndi pamene ine ndimaona kuti andale nkhaniyi sankafuna kuti ithe. Chipani cha Lungu cha PF chinalamulira zaka khumi, kuyambira 2011 mpaka 2021. Makiyi a makabati onse a boma anali m'manja mwawo, apolisi anali awo, bungwe lolimbana ndi katangale linalipo. Ndipo si kuti sankadziwa kufufuza akafuna. Michael Sata atangolowa m'boma anakhazikitsa komishoni yofufuza kugulitsidwa kwa kampani ya mafoni ya Zamtel, imene boma la Rupiah Banda linagulitsa kwa kampani ya LAP Green ya ku Libya mu 2010, ndipo pofika Januwale 2012 boma linali litailanda kale. Miyezi yochepa chabe. Mu 2017 boma la Lungu linatsekera Hichilema m'ndende miyezi inayi pa mlandu woukira boma, chifukwa choti magalimoto ake sanapatuke pamsewu wa ku Mongu pamene mdipiti wa pulezidenti unkadutsa. Boma lotha kumanga munthu chifukwa cha kusapatuka pamsewu likadalephera bwanji kumutengera kukhoti pa nkhani ya hotela, umboni ukadakhala uli pamanja? Mwina umboniwo panalibe, mwinanso kutsegula mafayilo kukadavula anthu ambiri a mbali zonse, poti ambiri a PF anachokera mu MMD momwemo, Sata yemwe anali nduna ya Chiluba. Mulimonsemo, mlandu wosaweruzidwa unali wokoma kwa iwo kuposa woweruzidwa, chifukwa umatha kuutulutsa pa msonkhano uliwonse wa kampeni popanda wokufunsa umboni.

Anthu a ku Zambia anamva zonsezo ndipo anavotera Hichilema ndi mavoti pafupifupi 2.8 miliyoni, Lungu n'kupeza pafupifupi 1.8 miliyoni. Otsatira ake amati pamenepo nkhani inatha. Ine ndikuti ayi. Voti imasankha wolamulira, siwerengera ndalama za malonda a m'zaka za m'ma 1990. Ndipo kupambanako kunamusenzetsa Hichilema udindo umene kale analibe, chifukwa makiyi aja anafika m'manja mwake. Iye yemweyo anasainira lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza zikalata za boma mu Disembala 2023, lamulo limene maboma am'mbuyo ankangolonjeza kwa zaka zoposa 20. Njira yabwino yosonyezera kuti lamulolo ndi lenileni ikadakhala kuyambira pa fayilo yokhudza iye mwini: kuika poyera mayina a onse amene ankafuna kugula hotela ija, ndalama zimene aliyense analonjeza, lipoti la kagulu kokambirana, ndi tsiku limene iye analowa mu bodi ya ogula. Ngati zonse zinayenda bwino monga amanenera, palibe amene angapindule ndi zimenezi kuposa iyeyo. Mayi Nawakwi ndi Lungu onse anamwalira mu 2025. Mboni za nthawi imeneyo zikutha, mapepala okha ndi amene atsale.

Pali mbali ina imene andale a ku Lusaka saikhudza kawirikawiri, chifukwa ilibe dzina la mdani woti n'kumunyoza. Kuyambira mu 2014 Sun International inayamba kugulitsa magawo ake m'mahotelawa kwa kampani ya Minor ya ku Thailand, ndipo kenaka inachokamo. Zambezi Sun lero ndi Avani Victoria Falls Resort, pamene Royal Livingstone ikuyendetsedwa ndi dzina la Anantara. Malo aja asintha manja, phindu limene linkapita ku Johannesburg tsopano likupita ku Bangkok. Mzambia amapeza ntchito ndi misonkho, ndipo zimenezo si zochepa. Koma kukwera mtengo kwa malo a pamathithi, kumene kwachitika m'zaka zonsezi, kwadyedwa ndi amene anagula nthawi ya njala ija. Boma likadasungako kagawo, ngakhale kochepa, bwenzi likukolola nawo. Mlendo wogona m'mahotela awiriwa amalowa kumathithi ulere nthawi iliyonse imene wafuna, kudzera pa geti lawolawo, akudutsa mbidzi zikudya msipu pakapinga. Mayi wa m'mudzi mwa mfumu Mukuni wogulitsa ziboliboli amadikira alendo omwewo panja, ndipo mtengo wa chipinda usiku umodzi ku Royal Livingstone ndi ndalama imene iye sangaione m'miyezi yambiri. Sindikunena kuti hotela yapamwamba itsitse mtengo kuti tonse tikagonemo. Ndikunena kuti mgwirizano wogulitsa malo otere ndi pamene pamayenera kulembedwa zimene anthu ozungulira adzapeze, chifukwa mukasainirana nthawi yopempha yatha.

Ndipo onani mmene zinthu zimazungulirira. Mu 2022, m'mbali mwa Zambezi momwemo, munatsegulidwa hotela ina yaikulu, Radisson Blu Mosi-oa-Tunya, yomangidwa ndi ndalama za NAPSA, thumba la penshoni la anthu ogwira ntchito ku Zambia. Dziko limene linagulitsa malo abwino koposa pa mtengo wa nthawi ya mavuto labwereranso mu bizinesi ya mahotela ndi ndalama za anthu ake, pamalo otalikirako ndi mathithi, ndipo omenyera zachilengedwe anadandaula kuti malowo ndi njira ya njovu.

Kwathu ku Malawi nkhaniyi si yachilendo. Nafe tinakhazikitsa lamulo logulitsa makampani a boma mu 1996. Fakitale ya nsalu ya David Whitehead itagulitsidwa mu 2003 anthu analira kuti yapita motchipa, ndipo Malawi Savings Bank itagulitsidwa mu 2015 phokoso linafika mpaka ku nyumba ya malamulo. Mahotela a Sunbird akadali m'manja mwa boma, lomwe lili ndi magawo 71 pa 100 aliwonse, ndipo ena mwa iwo ali pamalo osapezekanso kwina: Ku Chawe pamwamba pa phiri la Zomba, Nkopola ku Mangochi, Livingstonia ku Senga Bay. Sindikunena kuti alipo amene akuwatsatsa lero. Koma boma losowa ndalama zakunja limayang'ana m'nyumba kuti muli chiyani chogulitsa, ndipo tsiku lotere likhoza kufika, kaya pa hotela, pa gombe la nyanja, kapena pa nkhalango. Asodzi a ku Mangochi ndi ku Salima akudziwa kale mmene mpanda wa malo ogona alendo umatsekera njira yopita kudooko.

Kugulitsa pakokha ine sindikudana nako, ndipo Livingstone yasonyeza kuti wogula wodziwa ntchito angathe kudzutsa mzinda. Chimene ndikupempha n'chakuti mafunso tiziwafunsa malonda asanachitike. Lamulo lathu lopatsa anthu ufulu wopeza zikalata za boma linayamba kugwira ntchito mu 2020, ndipo silinalembedwere atolankhani okha. Mukadzamva kuti malo akuti a boma akupita kwa wogula kapena wobwereka, inu a m'deralo, mafumu, makhansala, pitani kwa phungu wanu mumuuze kuti mukufuna kuona mndandanda wa onse ofuna kugula, mitengo yawo, ndi mayina a anthu amene akuyimira boma pa zokambiranazo, asanasaine aliyense.